Sitima ya anthu pakati pa Lusaka ndi Kabwe: mafunso ndi mayankho

Bambo anga adagwira ntchito ya panjanji ku Kabwe, ndipo ine ndidakulira m'nyumba imene nthawi tinkaidziwira pa kulira kwa sitima. Kwathu kwenikweni ndi ku Katete, koma lero ndimakhala kuno ku Lusaka. Anthu akamva mbiri imeneyi sachedwa kundifunsa za sitima, kaya tili pamaliro, kaya tatuluka m'tchalitchi, kaya tapanikizana m'minibasi ya ku Chawama. Ine ndimawauza kuti tiyenera kubwezeretsa sitima ya anthu pakati pa Lusaka ndi Kabwe. Mafunso awo amakhala omwewomwewo, ndiye ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho anga.

Mukamati "kubwezeretsa sitima," kodi sitima ya anthu idafa?

Sidaferetu. Njanji yochokera ku Livingstone, kudutsa Lusaka ndi Kabwe mpaka ku Kitwe ilipo, ndipo sitima ya anthu ya mtunda wautali umenewu ndi imene ambiri amaidziwa. Koma siyenda tsiku ndi tsiku, ndipo ulendo wake ndi wa munthu amene alibe changu. Chimene chidafa ndi chikhulupiriro. Munthu amene ali ndi mlandu kukhoti mawa, kapena wodwala amene adokotala amuuza kuti afike Lachitatu m'mawa, saganizako n'komwe za sitima. Amalunjika ku siteshoni ya mabasi ya Intercity. Chowawa n'chakuti siteshoni ya sitima ili pomwepo, mumsewu womwewo wa Dedan Kimathi, koma anthu amangoidutsa ngati nyumba ya eni.

Ndiye chimene ndikunena ndi ichi: sitima yonyamuka ku Kabwe m'mamawa tsiku lililonse, kufika ku Lusaka ntchito zisanayambe, n'kubwerera madzulo, pa nthawi yolembedwa imene munthu angaidalire.

Chifukwa chiyani Kabwe? Mizinda ilipo yambiri.

Choyamba ndi mtunda. Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Kabwe ndi makilomita pafupifupi 140. Ndi patali poti munthu angatope ndi basi, koma ndi pafupi poti angathe kupita n'kubwerako tsiku lomwelo. Livingstone ili kutali kwambiri moti kukonza njanji yonseyo nthawi imodzi n'kusenza mtolo woposa mutu.

Chachiwiri, Kabwe ndi kwawo kwa njanji. Njanji idafika kumeneko mu 1906, mzindawo ukutchedwa Broken Hill, patangotha chaka chimodzi mlatho wa pa Victoria Falls utatsegulidwa mu 1905. Likulu la Zambia Railways lili ku Kabwe mpaka lero, ndipo malo okonzerako mitu ya sitima ndi mabogi ali komweko. Ndikukumbukira ndili mwana, belu la madzulo likalira, azibambo ankatuluka pageti ali mbuu ndi fumbi, maovolosi akuda ndi mafuta, njinga zili mweee msewu wonse. Amayi ankadikira panja ndi mabeseni a zitumbuwa ndi mbatata yophika. Mzinda wonse unkapumira pa zinthu ziwiri, mgodi ndi njanji. Mgodi wa mtovu ndi zinki udatsekedwa mu 1994, njanji nayo n'kufooka, ndipo amene adakhalako zaka zimenezo akudziwa mmene makomboni adazizirira.

Chachitatu, okwera alipo kale. Kabwe ndi likulu la chigawo chapakati. Kuli Mulungushi University ndi Kwame Nkrumah University, ndiye ophunzira amayenda njira imeneyi chaka chonse. Pakati pali Chisamba ndi mafamu ake, komanso Ngwerere polowa mu Lusaka. Ndipo lendi ya ku Lusaka yafika pomwe banja lina lingasankhe kukhala ku Kabwe, bambo kapena mayi n'kumagwira ntchito m'tauni muno, chikhala kuti pali chowanyamula mokhulupirika.

Lusaka yeniyeniyo ndi mwana wa njanji. Idayamba mu 1905 ngati kamalo kopatukirapo sitima pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo idakhala likulu la dziko mu 1935. Mzinda wobadwa chotere suyenera kuiwala chimene chidaubala.

Nanga chidaononga n'chiyani?

Njanji ili ngati denga la udzu. Ukaleka kufolera chaka chimodzi suona kanthu, chachiwiri kadontho, chachisanu ukugona ndi ambulera. Ndalama zokonzera zidayamba kuchepa kalekale, pamene mtengo wa mkuwa udagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970. M'zaka za m'ma 1990 malonda a zamtengatenga atamasulidwa, mabasi ndi mathiraki adachuluka, katundu ndi anthu n'kusamukira kumsewu. Katundu akachepa ndalama imachepa, ndalama ikachepa njanji sikonzedwa, sitima imayenda pang'onopang'ono, ndipo katundu wotsalayo nayenso amathawa.

Mu 2003 boma lidapereka njanji kwa kampani ya Railway Systems of Zambia kuti iziyendetsa. Mu September 2012 boma la Michael Sata lidathetsa mgwirizanowo n'kubweza ntchito m'manja mwa Zambia Railways. Chaka chomwecho dziko lidakongola madola 750 miliyoni a Eurobond, ndipo madola 120 miliyoni mwa amenewo adapita ku njanji. Kwa munthu wamba imeneyi ndi ndalama yosaneneka, koma pa njanji yautali chonchi, imene idakhala zaka zambiri osaigwira bwino, sikadatha kuchiza zonse.

Palinso mbali yathu ifeyo, ndipo sindiibisa. Zitsulo zomangira njanji ku mitanda yake zakhala zikuzulidwa n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha. Miyala ya pansi pa njanji ena amaiwola ndi wilibala kukamangira nyumba. Amene amachita zimenezi si alendo, ndi ana athu omwe.

Bwanji boma osangogula mabogi atsopano? Sitima yokongola anthu adzaikwera okha.

Apa ndiye pamene ndimasiyana ndi anthu ambiri. Mu 2014, dziko likukondwerera zaka 50 za ufulu, kudabwera sitima ya Golden Jubilee, mabogi ake ooneka bwino, ndipo tonse tidasangalala. Koma bogi ngakhale ikongole chotani imayenda pa liwiro limene njanji yalola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njanji ili ndi zinthu zinayi zofunika kuziyang'ana. Pali zitsulo ziwiri zimene mawilo amapondapo, zotalikirana mamilimita 1,067, muyeso womwe uli ku Malawi, ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi pa TAZARA, njanji yopita ku Tanzania. Pali mitanda imene zitsulozo zimagonapo, kale yamatabwa kapena yachitsulo, masiku ano yakonkire. Pali miyala yoswa imene imagwira mitandayo kuti isasunthe ndiponso kuti madzi a mvula azitsika msanga. Ndiye pali ngalande za m'mbali ndi timilatho. Mtanda ukawola, kapena miyala ikakwiririka ndi dothi, chitsulo chimanyutuka sitima ikamadutsa. Bambo anga ankandionetsa malo otere nthawi ya dzinja: sitima ikaponda, matope ankatumphuka pansi pa mtanda ngati phala lowira. Akaona zimenezo ankangopukusa mutu, chifukwa ankadziwa kuti pamenepo dalaivala alamulidwa kuchepetsa liwiro, apo ayi sitima iphonya njanji.

Malo otere akachuluka, ulendo wonse umasanduka kukwawa. Chinanso, njanji yathu ndi imodzi. Sitima ziwiri zikamakumana, ina iyenera kupatuka pa siteshoni kudikira inzake idutse. Yakatundu ikachedwa kapena mutu wake ukafa pakati pa tchire, ya anthu imaima mpaka njira itatseguka. Ndiye pamafunika malo opatukirapo okwanira, ndi njira yodalirika yolankhulirana pakati pa madalaivala ndi oyendetsa ndondomeko.

Choncho ndalama yoyamba ipite pansi, ku miyala, mitanda ndi ngalande. Zimenezi sizioneka bwino pa chithunzi, palibe wodula riboni pa ngalande, koma ndi zimene zimafikitsa munthu pa nthawi yake. Ine bola bogi yakale yotsukidwa bwino, ya chimbudzi chogwira ntchito ndi magetsi oyaka, yofika 7 koloko monga adalembera.

Ingamatenge maola angati?

Masamu ake ndi apafupi. Makilomita 140 pa liwiro la makilomita 20 pa ola ndi maola 7. Pa 40 ndi maola atatu ndi theka. Pa 70 ndi maola awiri, ndipo pamenepo sitima yayamba kupikisana ndi basi, makamaka mukawerengera nthawi imene basi imataya polowa mu Lusaka kuchokera ku Kabangwe mpaka pa Kabwe Roundabout m'mawa. Sitikupempha sitima zothamanga ngati mphepo za ku China kapena ku Japan. Njanji ya muyeso wathu womwewu, ikakhala yosamalidwa, liwiro la 70 silovuta.

Msewu wa Lusaka–Ndola akuukuza kukhala wa mbali ziwiri. Sitima ndi ya chiyaninso?

Msewu umenewu unkafunika, ndipo aliyense amene adataya mbale wake pa ngozi za pa Great North Road sangatsutse. Mgwirizano womanga makilomita 327 amenewa udasainidwa mu 2023. Koma msewu waukulu umathera m'misewu yaing'ono ya m'tauni momwemo. Magalimoto onse ochokera kumpoto amadzathithikana polowa, pamene njanji imalowa mpaka pakati pa mzinda, pansi pa milatho ya Great East Road ndi Church Road, popanda maloboti. Ndipo chimene chimaphwanya msewu si kagalimoto ka aphunzitsi, ndi mathiraki a mkuwa, malasha ndi simenti. Njanji ikakhala bwino, msewu watsopanowo udzakhalitsa.

Ndalama yake idzachokera kuti? Matikiti angalipire zonsezi?

Ayi, ndipo wokuuzani kuti angalipire akukunamizani. Pafupifupi kulikonse padziko, sitima ya anthu wamba siibweza yokha ndalama zomangira ndi kusamalira njanji. Chimene chimadyetsa njanji ndi katundu wolemera. N'chifukwa chake mu 2018 boma lidakhazikitsa lamulo la Statutory Instrument No. 7, lonena kuti magawo 30 pa 100 alionse a katundu wolemera monga mkuwa, malasha, shuga, simenti, salufa ndi mafuta aziyenda pa njanji. Lamulo ndi labwino, koma mwini mgodi sangapereke mkuwa wake ngati mabogi ndi mitu ya sitima n'zosakwanira, kapena ngati katundu atenga masabata panjira. Ndiye zonse zikubwerera pa njanji pomwe paja.

Maganizo anga ndi akuti boma linene poyera kuti sitima ya anthu ndi ntchito yothandiza mtundu, monga chipatala ndi sukulu, liike ndalama yake mu bajeti chaka ndi chaka, ndipo woyendetsa sitimayo azilandira ndalamayo malinga ndi maulendo amene wafikitsa pa nthawi. Tikiti ikhale yotsikirapo kuposa ya basi. Ikafanana ndi ya basi, mayi wa ku komboni ya Makululu ku Kabwe sadzaona chifukwa chosinthira.

Ine ndimagulitsa tomato ndi kapenta. Adzandilola ndi katundu wanga?

Amayi, inu ndiye mwini sitima weniweni. Kuyambira kale sitima imakondedwa ndi anthu a mitolo, chifukwa m'basi thumba lililonse limakhala ndi mkangano wake. Tsiku lina ndidaona mayi wina pa siteji ali ndi mabokosi anayi a tomato ndi mwana kumsana. Kondakitala adamutchula mtengo wa katundu woposa wa mpando wake. Mayiyo adamasula mfundo ya pa chitenje, kuwerenga, kuwerenganso, kenaka n'kukhala pa bokosi limodzi osanena kanthu. Basi idapita. Dzuwa lidakwera, ndipo tomato sadikira munthu.

Sitima yoganizira anthu otere iyenera kukhala ndi bogi ya katundu, sikelo pa siteshoni, mtengo wolembedwa pakhoma pa kilo iliyonse, ndi lisiti. Ifikenso m'mamawa, chifukwa ku msika wa Soweto malonda opikulitsa amatha dzuwa lisanatenthe.

Nanga ife amene tidamanga kapena timagulitsa pafupi ndi njanji, adzatigwetsera?

Funso ili ndi lowawa, ndipo sindikufuna kulizemba. Yendani m'mbali mwa njanji cha ku Misisi kapena ku Chaisa muone: njanji ndiyo msewu wa oyenda pansi, ana amasewera pa mitanda, ena ayala malonda pafupi penipeni. Zatheka chifukwa sitima ndi zochepa ndipo zimayenda pang'onopang'ono. Sitima yothamanga makilomita 70 pa ola siima ngati minibasi. Dalaivala angamuone munthu patsogolo, n'kumanga mabuleki, koma sitimayo ipitabe mtunda wautali isanaime.

Ndiye malo a m'mbali mwa njanji adzayenera kutseguka, zimenezo n'zosathawika. Walira mvula walira matope. Koma pali kusiyana pakati pa kusamutsa anthu ndi kuwathamangitsa. Ambiri adagula malowo kwa anthu amene adawauza kuti zonse zili bwino, ndipo adamanga ndi thukuta lawo. Awerengedwe, auzidwe nthawi ikadalipo, asonyezedwe kopita, ndipo zisachitike usiku kapena pakati pa dzinja. Pamangidwenso milatho ya oyenda pansi pamene anthu amawolokera kale, osati pamene wojambula mapu waona kuti m'pabwino, apo ayi mpanda udzabooledwa sabata yoyamba.

Kale kunali sitima ya m'tauni muno. Bwanji osayamba ndi imeneyo?

Akuluakulu akuikumbukira, ya Njanji Commuter, imene inkayenda pakati pa Chilenje ndi George kudzera m'tauni, n'kuleka m'zaka za m'ma 1990. Inkathandiza kwambiri anthu a m'makomboni. Vuto lake lero ndi lakuti njira yake m'malo ambiri idalowedwa ndi nyumba ndi misika, zitsulo zina zidazulidwa. Kuibwezeretsa kuli ngati kumanga yatsopano. Ya ku Kabwe njira yake ilipo ndipo ikugwira ntchito, komanso ikamaima pa Ngwerere idzanyamulako anthu a kumpoto kwa mzinda.

Ife a kum'mawa bwanji? Timamva kuti ku Chipata kuli njanji. Tidzakwera liti sitima yopita kwathu?

Ili ndiye funso limene abale anga amafunsa ndi mtima wonse, ndipo ine ndemwe limandikhudza. Ndayenda Great East Road kosawerengeka, makilomita pafupifupi 500, kudutsa mapiri a Manenekela mtima uli m'mwamba, kutsika pa mlatho wa Luangwa kugula nsomba zouma, kufika ku Katete miyendo itatupa. Nthawi ya Nc'wala mu February ku Mtenguleni, kapena ya Kulamba mu August ku Mkaika, mipando imasowa. Ndani sangalakelake sitima?

Koma tiuzane zoona. Njanji ya ku Chipata siyang'ana ku Lusaka, imayang'ana ku Malawi. Ndi kachigawo kakafupi, kosafika makilomita 30, kolumikiza Chipata ndi njanji ya ku Mchinji, ndipo kadatsegulidwa mu 2010 nthawi ya Rupiah Banda patatha zaka zambiri ntchito itaima. Kuchoka ku Mchinji njanjiyo imapita ku Lilongwe, Salima, Nkaya, n'kutulukira ku Nayuchi kulowa mu Mozambique mpaka kudoko la Nacala. Cholinga chake chachikulu ndi katundu, monga feteleza wobwera ndi mbewu zotuluka. Pakati pa Chipata ndi Lusaka palibe njanji ngakhale mita imodzi, ndipo sidakhalepo. Choncho kumeneko nkhani si yobwezeretsa, ndi yomanga kuyambira pachiyambi.

Pulani imene idalipo ndi ya njanji yochoka ku Chipata kudzera ku Petauke kukalumikizana ndi TAZARA ku Serenje, makilomita pafupifupi 390. Mgwirizano udasainidwa mu 2016 ndi kampani ya ku China ya CCECC, pa mtengo woposa madola 2 biliyoni, koma njanjiyo sidamangidwe, ndipo mu 2020 dziko lidalephera kubweza ngongole zake zakunja. Ngakhale itamangidwa, taonani njira yake: Chipata, Petauke, Serenje, Kapiri Mposhi, Kabwe, kenaka Lusaka. Ndi kuzungulira kwakukulu. Kwa chimanga, soya ndi fodya n'kwabwino. Kwa munthu wothamangira maliro ku Chadiza, basi idzakhalabe yachangu.

Komabe onani pamene njirayo ikudutsa pomaliza: Kabwe mpaka Lusaka. Sitima iliyonse imene tsiku lina idzachokere kum'mawa kudzera ku Serenje idzaponda makilomita 140 omwewa. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ife a kum'mawa tili ndi chifukwa chathuchathu chofunira kuti chigawo chimenechi chikonzedwe.

TAZARA ikulowapo bwanji?

TAZARA ndi njanji ina, ya maboma awiri a Zambia ndi Tanzania, yomangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975. Ndi yamakilomita 1,860, kuchoka ku Dar es Salaam kudzathera ku Kapiri Mposhi, makilomita pafupifupi 60 kumpoto kwa Kabwe. Sifika ku Lusaka. Wotsika sitima ya anthu ya Mukuba Express ku Kapiri ndi katundu wake wa ku Dar es Salaam kapena ku Nakonde amafunafuna basi. Mu 2024 maiko atatuwa adagwirizana ku Beijing zoikonzanso njanjiyi. Ikakonzedwa, katundu ndi anthu ofika ku Kapiri adzachuluka, ndipo zidzakhala zomvetsa chisoni ngati onsewo adzatsikira mumsewu chifukwa njanji yopita ku Lusaka ndi yofooka. Sitima ya ku Kabwe ikakhazikika, kuifikitsa ku Kapiri pa masiku a TAZARA ndi chinthu chapafupi.

Madalaivala a mabasi ndi anyamata oitanira sadzataya ntchito?

Ena ntchito idzasintha, koma sitima siifika pakhomo pa munthu. Wotsika pa siteshoni adzafunabe minibasi ya ku Matero, ku Kanyama kapena ku Chelstone, ndi wilibala yonyamulira mitolo. Anthu oyenda njira imeneyi ndi ochuluka moti sitima ziwiri pa tsiku sizingawamalize.

Malonjezo tamva ambiri. Tidzadziwa bwanji kuti ulendo uno zayambadi?

Musayang'ane pa nsanja ya msonkhano, pitani kunjanji. Mukadzaona milu ya miyala yoswa yatsopano, yotuwa, itatsanulidwa m'mbali cha ku Ngwerere ndi ku Chisamba, mitanda yakonkire itasanjidwa, anthu a zipewa zolimba akukumba ngalande mvula isanayambe, pamenepo kanthu kayamba. Mukadzaona aphungu a ku Kabwe, ku Katuba ndi ku Mandevu akufunsa ku Nyumba ya Malamulo kuti ndi makilomita angati akonzedwa chaka chino ndipo liwiro lakwera kufika pati, dziwani kuti nkhani yafika poyenera. Inunso mukakumana nawo afunseni zomwezo, osati mtundu wa penti ya mabogi.

Kenaka padzakhale bolodi pa siteshoni, lolembedwa nthawi yonyamuka ndi yofika. Ine ndidzapita ndi wotchi ya bambo anga, ija ankaipukusa m'mawa uliwonse asanavale ovolosi, n'kukaima pa pulatifomu Lolemba, Lachiwiri, mpaka Loweruka, kuona ngati zolembedwazo zikugwirizana ndi kulira kwa sitima.